Mlandu wa Kanema wa kwa Wimbe

Palibe ntchito ya manja a munthu imene imaweruzidwa msanga, ndiponso ndi oweruza ochuluka, koposa kanema. Pakuti wolemba buku angathe kufika pa ukalamba anthu asanatsirize kuwerenga zimene analemba, koma wokonza kanema, amene wataya zaka zake ndi chuma cha eni ake pa ntchito yoonerera maola awiri, amangozindikira kuti mlandu wake wazengedwa kale, wagamulidwa, ndipo chigamulocho chamveka m'maminibasi, m'malo ometera ndi pa mabwalo a bawo, dzuwa la tsiku lotsatira lisanapendeke. Oweruza amenewa sanasankhidwe ndi munthu, salandira malipiro, ndipo ambiri a iwo sanagwirepo kamera chibadwire. Komabe ine sindili kumbali ya iwo amene amati anthu otere atseke pakamwa n'kusiyira akatswiri, popeza kanema amakonzedwera iwo omwewo, ndipo nsima ikakhala yaiwisi, wakudya sachita kuyamba waphunzira kuphika kuti anene. Chimene chimandivuta mumtima ndi china: kuti ife oonera, tikagundidwa ndi chinthu chimodzi m'khutu kapena m'maso, timagamulira pomwepo mlandu wonse, n'kunyamuka kusasa fumbi, mboni zina zisanalankhule. Ndipo sindidziwa mlandu wina umene unaonetsa khalidwe limeneli poyera koposa wa kanema wa William Kamkwamba.

Mbiri ya mnyamata ameneyu njodziwika, koma ndiyenera kuikumbutsa. Anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Ndipo njala ya 2001 ndi 2002 itasesa nkhokwe ya makolo ake, kotero kuti fizi ya kusekondale inasowa, iye analeka sukulu, nayamba kuyendera kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale, m'mene anapeza buku la Chingerezi lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki owawula pamoto, zitsulo zotola kudzala, njinga yakutha ya atate ake ndi dayinamo, anamanga makina akeake ali ndi zaka 14, nayatsa getsi m'nyumba imene inkadziwa koloboyi yekha, anthu amene ankamuyesa wamisala akuyang'ana kukamwa kuli yasa. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006. Mu 2007 anakaimirira pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Mu 2009 linatuluka buku limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer. Ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth, ku America. Buku lomwelo ndilo linagwira mtima Chiwetel Ejiofor, mwana wa makolo a ku Nigeria wobadwira ku London, amene dziko linamudziwa ndi kanema wa 12 Years a Slave. Iye analemba seweroli, nalitsogolera, naseweranso monga atate a William, ndipo anadza ndi makamera ake kudzajambulira ku Kasungu komweko, osakafuna dziko lina lofanana ndi lathu monga amachitira ambiri. Kanemayo, wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, anayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu Januwale 2019, nalandirako mphotho, ndipo pa 1 Malichi chaka chomwecho kampani ya Netflix inamufalitsa m'maiko ambiri.

Pamenepo mabwalo awiri anakhala pansi kuzenga mlandu umodzi, ndipo lina silinamve zimene linzake linagamula. Bwalo loyamba linali la olemba ndemanga za mafilimu m'nyuzipepala za maiko a kutali, amene ambiri mwa iwo anayamikira ntchitoyo, natamanda Ejiofor chifukwa sanaope kuika chinenero cha eni nkhani m'kamwa mwa osewera ake. Ndipo dziko la Britain linafika posankha kanemayu kuti akaliimirire pa mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu a zinenero zina, kotero kuti Chichewa, chimene ana athu ena amachita nacho manyazi m'masukulu a m'tauni, chinatumidwa kukanyamula mbendera ya dziko la Mfumukazi. Bwalo lachiwiri linali lathu. Kuno mawu oyamba amene ndinamva, ndipo ndinawamva kwa anthu osadziwana m'malo otalikirana, anali funso limodzi: “Kodi Chichewa chimenechi n'cha kuti?” Anyamata a m'maofesi ankayeseza kalankhulidwe ka atate a William pa nthawi ya tiyi, anzawo n'kumafa ndi phwete, ena ankalumbira kuti ankachita kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa chithunzi kuti amve zimene zinkanenedwa m'chinenero chimene anayamwira. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ngwa ku Kenya. Wosewera amayi ake, Aïssa Maïga, anabadwira ku Senegal nakulira ku France. Mfumu ya mudzi anali Joseph Marcell, amene ena timamukumbukira monga wantchito wa m'nyumba uja wa mu The Fresh Prince of Bel-Air. Ndipo pamene Lily Banda, mwana wa kwathu konkuno wosewera mlongo wake wa William, ankatsegula pakamwa, khutu linkapumula, koma kupumula komweko n'kumene kunkaulula kutopa kwake ndi enawo.

Ena mwa ophunzira athu anadzudzula osekawo, nati ndi nsanje ya Amalawi ija yosafunira mnzawo zabwino. Ine sinditero. Mtundu wathu unaphunzira kuweruza masewero ndi khutu, diso lisanapatsidwe mpata, chifukwa kuyambira 1964, pamene wailesi ya MBC inakhazikitsidwa, kufikira Epulo 1999, pamene wailesi ya kanema ya TVM inatsegulidwa, zaka 35 zathunthu, bwalo lathu la masewero linali kawailesi ka mabatire koikidwa pakhonde, banja lonse ndi ana a oyandikana nawo atazungulira. Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino zinatiphunzitsa kuzindikira mkamwini waulesi, apongozi amkamwa ndi kalaliki wonyada pongomva kutsokomola kwawo; ndipo Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankaseketsa anthu ndi kukweza ndi kutsitsa kwa mawu koposa ndi mawuwo. Anthu oleredwa motere sangakhale osamva pamene liwu lakwezedwa poyenera kutsika, makamaka m'chinenero chonga chathu, m'mene kukwera ndi kutsika kwa liwu ndi mbali ya tanthauzo lenilenilo. Ndipo munthu akamalira mwana wake m'kalankhulidwe kopotoka, misozi ya woonera imabwerera, kuseka n'kulowa m'malo mwake mwini wake asanafune. Ngakhale Petro, usiku uja m'bwalo la mkulu wa ansembe, anakana ndi malumbiro, koma lilime lake la ku Galileya linamupereka. Wolemba ndemanga wa ku New York sakanamva chilema chimenechi ngakhale akanaonera kanemayo kakhumi, pakuti iye ankawerenga pamene ife tinkamva. Ndipo pa mfundo imodzi yokhayi mlimi wa kwa Santhe ndi woweruza wamkulu kuposa iye.

Tisaiwalenso kuti mphamvu ya oonera m'dziko muno si yamasewera. Michael Usi anasewera Manganya mu Tikuferanji kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, anthu a m'misika anapitirira kumutchula dzina lomwelo la m'sewero, chifukwa dzina limene oonera akupatsa silichoka ndi lumbiro la udindo.

Koma tsono ndifunse: kodi ife amene tinakwiya kuti alendo apotoza lilime lathu, timachita bwanji ndi mafilimu a eni ake? Aliyense amene anakhalapo ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu akuidziwa nyumba ya vidiyo: chipinda cha zidina kapena cha malata akale, mazenera otsekedwa ndi makatoni, mabenchi a matabwa osapala, bolodi pakhomo polembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo, chimkuzamawu chopachikidwa panja kuti phokoso la zibakera liitane odutsa, ndi tiana topanda ndalama yolowera titamatirira pa mng'alu wa chitseko, diso limodzi mkati. M'menemo ngwazi ya ku China, mtsikana wa ku India ndi sing'anga wa ku Nigeria onse amalankhula ndi liwu limodzi, la mnyamata womasulira, amene amawasintha maina n'kuwapatsa a anzake a m'mudzi, amasandutsa mzinda wa Hong Kong kukhala Limbe, ndipo zikamuvuta kumva zimene wanena wosewera amangopeka zake, kawirikawiri zokoma koposa zenizenizo. Oonera nawo sakhala chete, amachenjeza ngwazi kuti, “Ali kumbuyo kwako, iwe!”, amatukwana wachiwembu, ndipo filimu ikakhala yozizira amatuluka isanathe n'kukauza a panja kuti asataye ndalama zawo. Ine ndimawakonda malo amenewa, ndipo ndimaona kuti womasulira waluso ndi mmisiri weniweni. Koma sindinamvepo munthu akudandaulira anthu a ku China kuti nkhani yawo yapotozedwa. Za eni timaziphwanya mokondwa, zathu zikakhudzidwa timaitana nkhoswe.

Ndipo kunena chilungamo, Ejiofor anali ndi njira yapafupi imene sanaitsate. Akanatha kulankhulitsa anthu onse a kwa Wimbe Chingerezi kuyambira poyamba kufikira potsiriza, monga achitira mafilimu ambiri onena za Africa, ndipo palibe mmodzi wa ife akanaseka. Tikanangoti ndi mmene zimakhalira. Iye anasankha kukhala pansi ndi kuphunzira chinenero chimene sadzachigwiritsanso ntchito pa malonda ake, nadziika pa mpando wa mwana wa sukulu ali munthu wotchuka pa dziko lonse, ndipo malipiro ake kwa ife anali chitonzo. Izi sizichotsa mlandu wakuti akanayenera kufunafuna Amalawi ambiri oti asewere mbali zikuluzikulu, pakuti dziko la Du Chisiza ndi Gertrude Kamkwatira silinasowepo osewera, ngakhale tikudziwa kuti eni ndalama za mafilimu amafuna nkhope zodziwika kale kunja asanatsegule thumba. Koma akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tinathera nthawi yonse kuseka kalankhulidwe ka mlendoyo osayang'ana chimene kalumo kake kanameta.

Amene anandionetsa zimenezi anali azakhali anga a ku Dowa, mayi wosadziwa kuwerenga Chingerezi, amene anabwera kwathu kudzaonana ndi a dokotala a maso, ndipo madzulo ena tinawaikira kanemayu pa kompyuta. Poyamba anaseka koposa ife tonse, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Iwe, mwana wanga,” anatero, “abambo awa akulankhula ngati azungu a mishoni aja a ku Kongwe, koma ayesetsa, asiyeni.” Atatero anawakhululukira, ndipo sanabwererenso ku nkhaniyo. Kanemayo wagawidwa m'zigawo zotsata nyengo za mlimi, kuyambira pa kufesa kufikira pa njala ndi mphepo, ndipo titafika pa chigawo cha njala, pamene banja ligwirizana zoti lizidya kamodzi kokha patsiku, azakhali anasendera pafupi ndi chithunzicho, dzanja lili pachibwano, nati, “Ifenso tinkatero. Tinasankha madzulo, kuti ana agone.” Patapita kanthawi anapukusa mutu. “Koma anthuwa akadali ndi matupi abwino. Njala ija inkatupitsa miyendo. Munthu umamuona ngati wanenepa, mawa mwake ukumva kuti wagwa panjira yopita kumsika. Nanga gaga ali kuti? Nanga zitsa za nthochi zija tinkasinja?” Ndipo pa mapeto, pamene makina a William apopa madzi m'chitsime, madziwo nayenda m'mizere, mudzi wonse ukusangalala, iwo sanasangalale nawo, koma anandifunsa modekha kuti, “Kodi zimenezi zinachitikadi chaka chomwe chija? Madzi amenewa akanakhalapo, sitikanaika anthu aja m'manda.”

Funso limenelo ndilo ndemanga yakuthwa koposa zonse zimene ndinamva kapena kuwerenga za kanemayu, ndipo yankho lake n'lakuti sizinachitike chaka chija. Makina oyamba a William anayatsa magetsi ndi kuliza wailesi m'nyumba ya makolo ake. Kupopa madzi othirira mbewu kunadza patapita zaka, mnyamatayo atadziwika ndi kupeza omuthandiza, njala ija itapita kale ndi amene inawatenga. Wokonza kanema ali ndi ufulu wofupikitsa zaka kuti nkhani ikwane m'maola awiri, ndipo sindimukaniza ufulu umenewo. Koma kufupikitsa uku kunasintha tanthauzo la nkhani yonse, chifukwa kunasandutsa mwana amene anapulumuka njala n'kuyatsa getsi kukhala mwana amene anagonjetsa njala, ndipo woonera wa kutali amadzuka pampando wake ndi mtima wopepuka, poyesa kuti vuto la mudzi wa mu Africa limatha pakapezeka mnyamata mmodzi wanzeru ndi njinga imodzi. Nkhani yotere amaikonda kwambiri a kunja, pakuti imawasangalatsa popanda kuwafunsa kanthu. Apa ndipo pamene bwalo la kunja linagona tulo, ndipo apa ndipo pamene ife, amene tinaika maliro a chaka chimenecho, tikanayenera kulidzutsa. Koma tinali otanganidwa ndi kuyeseza kalankhulidwe.

Panalinso zina zambiri zoyenera kuzengedwa. Njala ya 2002 sinagwe kuchokera kumwamba yokha. Mvula inaononga mbewu m'chaka cha 2001, inde. Koma pamene anthu anatembenukira ku nkhokwe za boma, zinapezeka kuti chimanga chosungira tsiku loipa chinagulitsidwa, ndipo mkangano wa amene analangiza zimenezo unatenga nthawi yaitali, a boma akuloza bungwe la IMF, a IMF akuti iwo analangiza kuchepetsa chabe, osati kusesa zonse. Mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yowerengeka, anthu ankagona pa mizere m'misika ya ADMARC, ndipo boma la Bakili Muluzi linalengeza kuti dziko lili pa tsoka kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Kanema wa Ejiofor sanabise mbali imeneyi: akuonetsa mfumu ya mudzi ikuimirira pa msonkhano wa mtsogoleri wa dziko, ikunena mwaulemu kuti anthu ake ali pa ngozi ya njala, ndipo ikutsitsidwa pa nsanja n'kumenyedwa kuseri. Akuonetsanso anthu a m'mudzi akugulitsa mitengo yawo kwa eni esiteti ya fodya chifukwa cha kusowa, mitengo yomwe inkatchinga madzi osefukira. Ndinkayembekeza kuti zithunzi ziwiri zimenezi zidzautsa mkangano waukulu m'dziko muno, ena akuti zoona, ena akuti bodza, ena akufunsa ngati nkhokwe zathu za lero zili bwino kuposa za masiku aja, ndi ngati mfumu ya lero ingathe kunena zowawa pamaso pa akuluakulu a boma n'kubwerera kwawo ndi nthiti zonse. Mkangano umenewo sindinaumve. Chimodzimodzinso gule wamkulu, amene amaonekera pa maliro m'kanemayo, ndiponso amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005: kodi anaonetsedwa monga mwambo wamoyo wokhala ndi ntchito yake m'mudzi, kapena monga chokometsera maso a alendo? Eni dambwe ndiwo akanatiuza, ndipo palibe anawafunsa.

Pamene ndikulingalira zimenezi ndimaona kuti chilema chathu pa kanema wa mlendo ndi chomwecho chimene chimapha mafilimu athu, ngakhale kuti kumeneko chimavala nkhope ina. Dziko lino lili ndi amisiri ake. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene inalandira mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ku Lagos monga filimu yopambana ya kumwera kwa Africa. Joyce Mhango Chavula anali atalandira kale mphotho yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Ndipo Gift Sukez Sukali anatulutsa Fatsani, nkhani ya kamtsikana kogulitsa malonda m'misewu. Koma mukamvetsera zokamba za oonera pa ntchito zoterezi, mupeza mawu a mitundu iwiri yokha, ndipo yonse njopanda mafupa. Ena amati, “Tiyeni tikweze zathu,” nayamikira chilichonse, ngakhale pamene mawu sakumveka, nkhani yatayika pakati, ndipo wosewera akulankhula ngati akuwerenga kalata ya boma. Ndipo wina akayesa kuloza cholakwa amamutcha wansanje. Ena amati, “Za ku Malawi n'zosaonereka,” asanaonere ndi mphindi imodzi yomwe, nabwerera ku masewero a ku India ndi ku Nigeria. Woyamikira zonse ndi wonyoza zonse ndi pachibale, pakuti onse awiri sanavutike kuyang'ana. Ndipo mmisiri amene walandira mawu a onsewa amabwerera ku ntchito yake osadziwa chimene akonze ndi chimene asunge. Choipitsitsa n'chakuti onse awiri mudzawapeza pa kakhumbi kokopera mafilimu, akulowetsa thukuta la munthu m'foni mwawo pa mtengo wa mandasi, mwini wake osalandirapo ngakhale tambala. Kenaka n'kumafunsa chifukwa chake mafilimu athu saoneka bwino monga a Netflix.

Ndipo olemba a m'nyuzipepala, amene akanayenera kutiphunzitsa kaonedwe, kawirikawiri amatiuza amene anali mlendo wolemekezeka pa tsiku lokhazikitsa filimu, zimene ananena, ndi kuchuluka kwa anthu amene anadzaza holo. Za filimu yeniyeniyo amangoti njopatsa chidwi ndi yophunzitsa. Sindiwaweruza mwankhanza, popeza dziko lathu ndi laling'ono, ndipo amene wamudzudzula Loweruka ukakumana naye pa maliro Lamulungu. Komabe pa bwalo la kwathu, nyakwawa ikagamula mlandu imafotokoza njira imene yadzera, imabwereza mawu a mbali zonse ziwiri, imatchula pamene wolakwa anachita bwino isanatchule pamene anaphonya, kotero kuti ngakhale wogonja amachoka akudziwa chifukwa chake walipira mbuzi. Mwambo umenewu tili nawo kale, ndipo sitisowa kukauphunzira ku London. Chimene chatsala n'kuutengera ku mpando woonera kanema. Woonera amene anganene kuti, “Sindinaikonde, chifukwa mayi uja anakhululukira mwamuna wake msanga, ndipo palibe mkazi wa kwathu angatero asanaitane ankhoswe,” wapereka kwa wolemba sewero chinthu chimene angachigwiritse ntchito mawa. Ndipo mawu otere sasowa digiri, monga azakhali anga anaonetsera.

Wina adzati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati kalankhulidwe ka alendo kakutiwawa, tidzijambulire tokha nkhani zathu. Mawu amenewo ngoona, koma sakwanira, chifukwa si tonse tidzagwira kamera, ndipo nkhani za chaka cha 2002, za njala ya 1949, za anthu a ku Mozambique amene tinawalandira m'zaka za nkhondo yawo, ndi za abambo athu amene anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni, zidzajambulidwa ndithu tsiku lina, kaya ndi mwana wa kwathu kaya ndi mlendo. Wojambulayo adzayang'ana m'mbuyo kuti aone zimene tinanena za amene anamutsogolera. Ndipo akadzapeza kuti chimene chinatikhudza chinali katchulidwe kokha, adzalemba ntchito mphunzitsi wabwino wa chinenero, nadzatipatsa bodza lolankhulidwa m'Chichewa chosalala, ife n'kuwomba m'manja.

Chigamulo changa pa kanema wa kwa Wimbe n'chotere. Chichewa cha osewera akuluakulu n'chopunduka, ndipo amene anaseka sanachimwe. Mapeto ake ngokoma koposa zimene zinachitika, ndipo pamenepo wolemba anakondweretsa alendo koposa eni maliro. Koma zithunzi za mfumu yomenyedwa, za mitengo yogulitsidwa, za bambo wokakamira khasu pa nthaka youma pokana kupereka njinga yake, ndi za banja lodya kamodzi patsiku, n'zoona, n'zolemera, ndipo zinajambulidwa mwaulemu. Inu amene munamusiya pa mphindi khumi zoyamba chifukwa cha kuseka, mukamuonerenso kufikira pa mapeto, ndipo ngati n'kotheka mukhale pambali pa munthu wachikulire amene anaiona njala ija ndi maso ake. Inunso akonzi a masamba a Chichewa m'nyuzipepala zathu, patulani danga sabata iliyonse loti oonera azilembamo za mafilimu a kwathu ndi a kunja omwe, ndipo kalata iliyonse yongoti “inali bwino” kapena “inali yoipa” popanda kutchula chifukwa, muziibweza kwa mwini wake kuti akaitsirize.